Mpamba wanga unapita ndi alamu

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31, wapabanja, wa ana awiri. Ndimagwira ntchito yolandira alendo pa ofesi ina ku Limbe. Ndimalakalaka nditatsegula shopu ya zovala m'tauni, yamagalasi, dzina langa lili pamwamba. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikuponya masheya ku banki mkhonde, kudzimana ngakhale chitenje. Disembala wapitayu titagawana, pamodzi ndi za m'mbuyo, zinakwana K1,400,000. Patangotha masiku awiri, mng'ono wawo wa amuna anga anabwera kuti ndimubwereke K800,000 ya ulendo wa ku Joni, ati abweza akangoyamba ntchito. Apongozi anaimba foni, amuna anga nawo anati chibale ndi fupa sichiola. Ndinapereka. Pano miyezi 7 yatha, alamuwo amaika zithunzi pa WhatsApp koma uthenga wanga sayankha. Ndikaiyamba nkhaniyi m'nyumba, amuna anga akuti ndimakonda ndalama kuposa anthu. Mnzanga wina akuti yotsalayi ndiyambire kaunjika wa Loweruka pamsika, koma ine sindingakhale pansi padzuwa n'kumaitanira anthu, anzanga akutchalitchi aziti chiyani? Ndithandizeni, ndiziitanitse bwanji ndalama zanga kuti ndifike pa K3,000,000 yomwe ndikufuna yotsegulira shopu?

Wodandaula, Bangwe

Mwana wanga,

Alamu akowo akulakwira, ndipo tifikako. Koma chandipweteka ine m'kalata yako ndi mawu amene wawaponya kumapeto ngati opanda ntchito: sungakhale pansi padzuwa. Zaka zitatu ukudzimana chifukwa cha malonda a zovala, koma sunagulitseko ngakhale sokosi imodzi. Ukudziwa kuti belo ukalitsegula, zokongola zimatha m'mawa womwewo, ndipo mulu wotsalawo, wamabala ndi wopanda mabatani, ndi umene umanena ngati wapindula kapena waluza? Ukudziwa nkhope ya kasitomala woti "ndikupatsani mwezi ukatha" amene sadzadutsanso njira imeneyo? Ukudziwa kuti majuzi ndi majekete uyenera kukhala nawo kale Meyi asanafike, chiperoni chisanayambe, chifukwa pofika Seputembala palibe woyang'anako? Zimenezi amazidziwa ndi mnzako amene ukumuona wotsikayo. Ukadzalowa m'shopu yamagalasi usakuzidziwa, lendi yokha, ndi dipoziti yomwe eni nyumba amafuniratu, idzakudya usanaphunzire kalikonse.

Ndipo K3,000,000 yakoyo sikukudikira pamene unaisiya. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Zovala zimene ukufuna kugulitsazo, zatsopano kapena zakaunjika, zambiri zimachokera kunja ndipo amazigula ndi ndalama zakunja. Kwacha ikagwa, belo limakwera sabata yomweyo, pomwe ndalama yako m'bokosi la banki mkhonde ikadali yomweija. Ukuthamangira minibasi yomwe yanyamuka kale, iwe ukawonjezera liwiro nayo ikuwonjezera. Chiwongoladzanja cha pagulu chimathandiza, inde, ndipo banki mkhonde ndimailemekeza chifukwa yaphunzitsa amayi ambiri kusunga. Koma ntchito yake ndi kukusonkhanitsira mpamba woyambira. Iwe wayambira chiyani?

Tsopano za alamu. Wadzifunsapo kuti anadziwa bwanji, patangotha masiku awiri, kuti uli ndi ndalama, n'kudziwanso kuchuluka koti apemphe? Magulu ambiri amagawana mu Disembala, nthawi imene aliyense akufuna feteleza, Khirisimasi ili pakhomo, fizi ya Januwale ikubwera. Mudzi wonse umadziwa kuti amayi alandira. Koma kuchuluka kwake kunatuluka m'chipinda chanu chogona. Ndiye ngongole imeneyi si ya alamu okha. Amuna ako ndi amene anakukakamiza, ndi amene anaimira mng'ono wawo, choncho ali ndi gawo lawo.

Khala nawo pansi tsiku lopanda mkangano, ana atagona. Usanene za zithunzi za pa WhatsApp, zimenezo zingokupsetsa mtima. Uwauze kuti, "Bambo, ndinapereka chifukwa cha mawu anu. Muimbireni mng'ono wanu ine ndili pompano, tigwirizane kuti azitumiza zingati pamwezi." Anthu a ku Joni amatumiza ndalama kumudzi kudzera pa Mukuru mwezi ndi mwezi, palibe chovuta. Ngakhale K50,000 pamwezi, bola iyambe kuyenda, ndipo mulembe papepala. Mwina mnyamatayo zinthu sizikumuyendera, chifukwa ambiri kumeneko amakhala miyezi akusaka ganyu, zithunzi zili zobisira manyazi. Ngati ndi choncho anene ndi pakamwa pake. Amuna ako akakana kuimba foniyo, itana ankhoswe. Ankhoswe sali a nkhani za chigololo zokha ayi. Thukuta la mkazi la zaka zitatu kuperekedwa ndi foni imodzi ya apongozi ndi nkhani ya banja, yoyenera kukambidwa pamaso pa akuluakulu a mbali zonse ziwiri.

Zoti umakonda ndalama kuposa anthu usazilole zikhazikike mumtima mwako. Munthu wokonda ndalama sapereka K800,000 popanda pepala kapena mboni. Mawu amenewo amanenedwa kuti wobwereketsa achite manyazi asiye kufunsa, ndipo m'mabanja mwathu amagwera kwambiri akazi okwatiwa. Chibale ndi fupa, zoona. Nanga n'chifukwa chiyani mwambiwu umakumbukiridwa potenga pokha, pobweza n'kuiwalika? Ngati chibale sichiola, m'baleyo abweze kuti mawa adzathandizidwenso.

Komabe ndikuuze zoona: powerengera za mawa, ndalama imeneyo uichotsemo. Ikabwera, tithokoza Mulungu. Uli ndi K600,000, ndipo imeneyo ndi imene tikambe. Usayerekeze kukwirira dzenjelo ndi katapila. Ngakhale ngongole za boma kapena za ku SACCO zidikire kaye mpaka utakhala ndi kope loonetsa kuti ukudziwa kugula ndi kugulitsa. Ngongole pa munthu amene sanagulitsepo kanthu imathera pa kulandidwa katundu wa m'nyumba.

Sindikukuuza kuti uzibisa ndalama kwa amuna ako, zobisa zimaphwasula banja. Ndikukuuza kuti uisandutse katundu. Mlamu angabwereke ndalama yongokhala, koma sanganyamule madiresi a ana makumi asanu kupita nawo ku Joni. Za achibale muike padera kangachepe mwezi uliwonse, inu awiri mutagwirizana, kopereka ndi mtima umodzi osayembekeza kubwezeredwa. Kameneko kakatha, katha. Mpamba sukhudzidwa, kaya waimba foni ndani.

Ndilankhulenso kwa inu nonse owerenga, chifukwa makalata otere ndimalandira ambiri. Achinyamata a masatifiketi, amayi a m'maofesi, abambo opuma pantchito ndi penshoni m'manja, nonse mukufuna kuyambira pamwamba, pa shopu, pa galimoto, pa chikwangwani. Geni mumaiona ngati chilango cha amene sukulu inawakanika. Pitani ku Lizulu mukaone amayi amene amayamba tsiku kusanache ndi mabeseni a tomato ndi mbatatesi. Pitani pamsika wa Limbe kapena wa Ndirande mukafunse amene ali ndi mashopu lero kuti anayambira pati. Ambiri akuuzani za thumba loyala pansi ndi tikiti ya khonsolo ya tsiku ndi tsiku. Ndipo inu abambo, mkazi wanu akamadzimana kuti akweze banja, udindo wanu ndi kuima pakati pa iye ndi abale anu. Foni ya amayi anu muyankhe ndinu, musamupatsire iye kuti aoneke woipa.

Anzako akutchalitchiwo, mwana wanga, madiresi amene amavala Lamulungu ambiri anawasankha pa kaunjika yemweyo. Akakuona akhala makasitomala ako oyamba, ndipo vuto lako lenileni lidzakhala kuwakana ngongole. Ntchito ya ku ofesi usasiye. Kuyambira Loweruka likubwerali uzipita ndi mnzako uja, usagule kanthu, umuthandize kuyala, kuitanira ndi kubweza chenji kwa mwezi wathunthu. Ukatero mugawane belo limodzi. Gula kope, ulembemo chilichonse: mtengo wa belo, kabaza, tikiti ya pamsika, ngakhale mandasi amene wadya. Ndalama ya malonda ikhale pa nambala yakeyake ya Mpamba kapena Airtel Money, yosagulira ndiwo. Pakatha miyezi itatu undilembere, undiuze kuti belo loyamba linatulutsa zingati, ndiponso amuna ako anayankha chiyani za foni ija.

Azakhali