Phunziro: Kodi mkazi wa mseri ku Philippines amadziona bwanji?

Mwezi uno tipite kutali pang'ono, ku dziko la Philippines. Kumeneko mkazi amene ali pa chibwenzi ndi mwamuna wa mwini amatchulidwa mayina awiri. Lina ndi "querida", mawu a Chisipanishi otanthauza wokondedwa. Lina ndi "kabit", kutanthauza chinthu chongophatikidwa pa chinzake. Loyambalo ndi lokoma kulimva, koma kumsika ndi kutchalitchi anthu amanong'onezana lachiwirili. Mkazi akalimva kwa zaka zambiri amayamba kudziderera yekha.

Nanga amayembekezera chiyani? Ena amakhulupirira lonjezo lakuti tsiku lina bamboyo adzasiya mkazi wake n'kuwakwatira. Apa ndi pamene pagona vuto. Ku Philippines kulibe lamulo la chisudzulo, kupatula kwa Asilamu amene ali ndi lamulo lawo la 1977. Bilu yololeza chisudzulo inadutsa m'nyumba yaing'ono ya malamulo mu 2024, koma siinasanduke lamulo. Njira yotsala ndi kupempha khoti kuti ligamule kuti ukwatiwo sunali wovomerezeka, ndipo izi zimadya ndalama zambiri ndi zaka. Choncho lonjezo lija n'losavuta kulinena, ndipo bambo ali ndi pothawira pokonzeka kale.

Malamulo samuteteza mokwanira mkazi wa mseri. Ngati mkazi wa m'nyumba wasumira mwamuna wake mlandu wosunga chibwenzi ndipo khoti lawapeza olakwa, wa mseriyo amapatsidwa chilango chotchedwa destierro, chomuletsa kufika m'dera limene khoti lasankha, mtunda wosachepera makilomita 25. Mwana wake amalandira theka chabe la chuma cha masiye chimene mwana wa m'banja amalandira. Kuchokera mu 2004 mwanayo angathe kutenga dzina la bambo ake, koma pokhapokha bamboyo atamuvomereza.

N'chifukwa chake maloto a ukwati akazilala, mtima umatembenukira ku lendi, fizi ya ana ndi kampamba ka geni. Ine sindimuweruza. Chondidetsa nkhawa n'chakuti zonsezi zili m'thumba la munthu mmodzi. Mkazi wotere angalimbe mtima kunena za kondomu, kapena kuti apite limodzi kukayezetsa magazi? Akudziwa kale kuti bamboyo amagona nyumba ziwiri, mwinanso zitatu, ndipo kachirombo ka HIV kakalowa mu imodzi kafikanso kwa mayi wa m'nyumba uja.

M'gulu lanu kambiranani funso ili: mkaziyu atakhala ndi ndalama zakezake, ndi mawu ati amene angayambe kunena kwa bamboyo?