Munthu asanasiye mowa, timuteteze bwanji?

Mwina kwanu kuli mwana, mwamuna kapena mlongo amene mowa unamugwira. Mwamudzudzula, ankhoswe akambapo, iye walonjeza kangapo konse, koma pakatha sabata wabwereranso ku kachasu. Funso limene ndimafunsa ophunzira athu aunamwino ndikufunsaninso inu: pamene munthuyu sanasiye, tichite chiyani kuti asafe?

Achipatala ali ndi njira yotchedwa kuchepetsa ngozi. Inakula m'zaka za m'ma 1980 ku Amsterdam ndi ku Liverpool, kumene anthu odzibaya mankhwala ozunguza bongo ankapatsirana HIV ndi matenda a chiwindi pobwerekana jakisoni. Achipatala anayamba kuwapatsa jakisoni watsopano osadikira kuti asiye kaye. Mu 2011, chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinayamba kupereka methadone kwa anthu ogwiritsa ntchito heroin. Amamwa kamodzi patsiku, chibaba chimachepa, ndipo munthu amatha kubwerera kuntchito.

Kwathu kuno vuto lalikulu ndi mowa, ndipo nzeru yomweyi imagwira ntchito. Choyamba, munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Thupi linazolowera. Pakapita maola ochepa amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, ena amakomoka ngati akhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zimene palibe. Zimenezi zimapha. Pitani naye kuchipatala, kumene amapereka mankhwala otontholetsa thupi ndi vitamini B1 woteteza ubongo.

Chachiwiri, ngati akumwabe, adye kaye nsima asanapite kokamwa, azimwa madzi pakatipakati, ndipo apewe mowa wosadziwika kumene waphikidwa, chifukwa wina umakhala ndi methanol amene amachititsa khungu. Makiyi a njinga yamoto akhale ndi inu. Akabwera ataledzereratu, mugonekeni chammbali, osati chagada, kuti masanzi asamutsamwitse, ndipo muzimuyang'anira. Akapanda kudzuka pomugwedeza, kapena akamapuma mwapatalipatali, thamangirani naye kuchipatala. Ngati ali pa ma ARV, asadumphitse tsiku poganiza kuti sayenderana ndi mowa. Ngati ali pa mankhwala a TB, auze adokotala zoona, pakuti mankhwalawo ndi mowa zonse zimalemetsa chiwindi.

Kwa amayi oyembekezera palibe mlingo wa mowa umene uli wabwino. Mowa umadutsa m'nsengwa n'kufika kwa mwana, ndipo umatha kuwononga ubongo wake moyo wonse. Komabe mayi amene tamukalipira kusikelo sabweranso, ndiye timataya mayi ndi mwana yemwe. Tikamufunsa mwaulemu amanena zoona, ndipo timamuuza kuti kusiya pa mwezi uliwonse wa pakati kumathandiza mwanayo.

Ena mwa inu munena kuti uku n'kulekerera. Ayi. Cholinga chikadali chakuti munthu amasuke, koma amasuka ali moyo. Amene wachepetsa lero n'kuona kuti simunamutaye, ndi amene mawa amavomera kupita ku St John of God ku Mzuzu, ku Zomba Mental Hospital kapena kwa dokotala wa matenda a maganizo pachipatala cha boma. Akagwanso, musati zakanika. Yambiraninso naye, pang'onopang'ono ndi mtolo.