Amayi Anasiya Kupita ku Chipatala Nthawi ya Covid-19

Funso: Adokotala, amayi anga ali ndi zaka 72 ndipo amadwala mtima ndi BP. Covid-19 itafika mu 2020 anasiya kupita ku kiliniki poopa kutenga matendawa. Mpaka lero sanabwerereko, akuti akupeza bwino. Kodi ndiwakakamize? — Wodandaula, Zomba

Yankho: Amayi anuwo si okha. Ku England, pofika kumapeto kwa Marichi 2020, chiwerengero cha anthu ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha ya mtima chinatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Sikuti matendawa anachepa ayi. Anthu ankangopirira ululu kunyumba, ena n'kufika kuchipatala mtima utawonongeka kale. Mantha awo anali omveka, pakuti Covid-19 inkapha kwambiri okalamba ndi odwala mtima.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mawu akuti "akupeza bwino". BP ikakwera nthawi zambiri siipweteka. Imangolemetsa mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo mwakachetechete, mpaka tsiku lina munthu agwa ndi sitiroko. Ngati anasiyanso mankhwala, asayambirenso okha mapilisi akale. Ayezedwe kaye, chifukwa mlingo ungafunike kusintha.

Musawakalipire. Apempheni mwaulemu, muwaperekeze nokha sabata ino, mutatenga buku lawo la kuchipatala. Koma mukaona miyendo ikutupa, akubanika akagona chagada, kapena akumva kupweteka pachifuwa, musadikire kuti kuche. Thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.