Thirakitala ikhale yokonzeka mvula isanagwe: phunziro lochokera ku Botswana

Dera lozungulira mzinda wa Gaborone limalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 500 pachaka, pamene ku Lilongwe imagwa yoposa mamilimita 800. Mvula ya ku Botswana imagwa modumphadumpha, ndipo dzuwa likawomba masiku ochepa okha chinyontho chimathawa m'nthaka. Mlimi wa mapira kapena khobwe kumeneko sawerenga nyengo yodzala m'miyezi. Amawerenga masiku amene dothi likadali lonyowa.

Pofuna kuti alimi adzale m'masiku amenewo, boma la Botswana lidayambitsa ndondomeko ya ISPAAD mu 2008. Lidapereka mbewu kwa alimi ang'onoang'ono, nkumalipiranso eni mathirakitala kuti awalimire mpaka mahekitala asanu aliyense. Mu 2023 ndondomekoyi idalowedwa m'malo ndi ina yotchedwa Temo Letlotlo. Pamene thirakitala imodzi ikudikiridwa ndi mudzi wonse, kuwonongeka kwake si vuto la mwini wake yekha. Onse amene ali pamndandanda amadzala mochedwa. Kuno kwathu nakonso mvula yayamba kubwera mosadalirika, ndipo alimi obwereka thirakitala akuchuluka, choncho phunziro la ku Botswana ndi lathunso.

Chifukwa chake mlimi wa mbewu ayenera kusamala koposa

Mlimi wa chimanga chakudya akachedwa kudzala, zokolola zimachepa. Mlimi wochulukitsa mbewu ya haibulidi akachedwa, akhoza kutaya munda wonse. Pa mitundu ina, mizere yaimuna ndi yaikazi imadzalidwa masiku osiyana kuti ngayaye zidzatulutse mungu nthawi yomwe ndevu za chimanga chachikazi zatuluka. Kampani imakuuzani kuti pakati pa kudzala kuwiriku padutse masiku angati. Thirakitala ikafa pakati pa masiku amenewo, mungu ndi ndevu zimaphonyana, zitsononkho nkukhala za maso apatalipatali. Palibe feteleza amene angabweze zimenezi. Paja akulu adati mmera mpoyamba.

Ntchito ya miyezi ya dzuwa

Kukonza kwakukulu kuchitike mu Ogasiti ndi Sepitembala, pamene amakaniko sanapanikizike ndipo zipangizo zosinthira zikupezeka. Yambani ndi buku la thirakitala yanu, chifukwa ndilo limanena mtundu wa oyilo ndi maola osinthira. Mathirakitala ambiri amene tili nawo amafuna oyilo wa injini ndi fyuluta yake kusinthidwa pa maola 250 aliwonse, pamene ena atsopano amafika 500. Ngati thirakitala yakhala chiimire kwa miyezi yambiri, sinthani oyiloyo ngakhale maola asanakwane.

Fumbi ndilo limadya injini mwakachetechete. Fyuluta ya mpweya yong'ambika imalowetsa mchenga m'kati, ndipo injini imayamba kudya oyilo ndi kutaya mphamvu. Musaimenyetse pa tayala poiyeretsa. Iwuzireni mpweya pang'onopang'ono kuchokera m'kati, kenako muiyang'anitse kudzuwa; ikaonetsa kabowo, gulani ina. Kafyuluta kakang'ono kam'kati sikayeretsedwa, kamangosinthidwa.

Dizilo wa madzi amawononga pampu ndi majekiseni a injini, ndipo izi ndi zina mwa zipangizo zodula kwambiri. Madziwo amachokera ku mame opangika m'thanki yosadzaza ndi m'migolo yosungidwa panja. Thirani dizilo madzulo mukaweruka kuti thanki igone yodzaza, khetsani madzi m'kabotolo kapansi pa fyuluta, ndipo mgolo umene wangofika kumene uyambe wakhazikika musanatungemo.

M'radiyeta musathiremo madzi a pamjigo. M'madera ambiri a Botswana, monganso m'chigwa cha Shire, madzi a pansi ali ndi mchere umene umaundana nkutseka timipaipi. Gwiritsani ntchito madzi oyera osakaniza ndi mankhwala oziziritsira injini. Chotsani udzu ndi mankhusu kumaso kwa radiyeta, ndipo lamba wa fani akakhala ndi ming'alu musinthiretu.

Batire yodzaza bwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini ili chizimire. Palani dzimbiri pamitu yake ndi kumanga mawaya zolimba. Yang'ananinso oyilo wa haidiloliki ndi mapaipi ake. Podontha musamafufuze ndi dzanja, chifukwa oyilo wopanikizika amaboola khungu; gwiritsani ntchito kapepala kolimba. Yesani mabuleki ndi kilatchi, ndipo chotchingira cha shafiti ya PTO chikhale pamalo pake. Shafitiyi imazungulira ka 540 pa mphindi imodzi, kutanthauza kasanu ndi kanayi pa sekondi. Ikakola malaya, munthu alibe mpata wothawa.

Matayala apopedwe malinga ndi buku. Olimba kwambiri amaterereka m'munda, amawononga dizilo ndi kugangatitsa nthaka. Ofewa kwambiri amang'ambika m'mbali.

Makina odzalira nawonso ndi mbali ya thirakitala

Thirakitala yolira bwino yokoka makina odzalira osayesedwa imangofulumizitsa cholakwa. Yesani makinawo pamalo ouma musanalowe m'munda, ndi mbewu yomweyo imene mudzadzale, pakuti kukula kwa njere kumasiyana. Ngati mizere yatalikirana masentimita 75, yezani mamita 13.3 a mzere umodzi ndi kuwerenga njere zimene zagwa. Chiwerengerocho muchulukitse ndi 1,000, ndipo mwapeza njere za pa hekitala. Pa kadzalidwe ka phando limodzi njere imodzi, motalikirana masentimita 25, muyenera kupeza njere 53. Mukapeza 40, ndiye kuti munda wapereweredwa kale mbewu isanamere. Yesani mzere uliwonse pawokha, ndipo woyendetsa asathamange, chifukwa liwiro likakwera njere zimadumphidwa.

Chachiwiri ndi ukhondo. Thirakitala yobwereka imachokera m'munda wa wina. Njere zochepa zotsalira m'mabokosi zimamera pakati pa mbewu yanu, ndipo oyendera minda, kaya ndi a Seed Services Unit ku Chitedze kapena anzawo a ku Sebele pafupi ndi Gaborone, amaziwerenga ngati mbewu zachilendo. Zikapyola malire, munda umakanidwa. Khuthulani mabokosi onse, chotsani mbale zodzalira, ndipo muchite chimodzimodzi pochoka ku mbewu yaikazi kupita ku yaimuna. Tsukaninso matope a kumakhasu ndi kumatayala, chifukwa ndimo mumayenda njere za kaufiti. Makina opopera amene munali mankhwala opha udzu atsukidwe mpaka kumilomo yake asanagwire ntchito ina.

Nyengo ikayamba

M'mawa uliwonse, injini isanalizidwe, woyendetsa aone oyilo, madzi, matayala, manati a magudumu ndi pansi pamene thirakitala yagona ngati padontha kanthu. Apake girisi m'malo onse amene buku latchula. Izi sizitenga theka la ola. Pakhale kope lolembamo maola, tsiku losintha oyilo ndi vuto lililonse laoneka. Ngati thirakitala ndi yobwereka, pitani mukaione ndi maso mu Okutobala, ndipo mugwirizane tsiku polemba.

Kwa ogulitsa zipangizo zaulimi

Mlimi akadzala mochedwa kapena mwapatalipatali nkukolola zochepa, amabwerera kusitolo kudzadandaula za mbewu, osati za thirakitala. Ndi dzina lanu limene limaipa. Dziwani mitundu ya mathirakitala a m'dera lanu, monga Massey Ferguson, John Deere kapena New Holland, ndipo muyitanitsiretu mafyuluta, malamba, girisi, oyilo ndi mabawuti a makhasu pamodzi ndi mbewu. Pogulitsa thumba la mbewu kwa mlimi wodzala ndi makina, muuzeni kukula kwa njere zake kuti asankhe mbale yoyenera, ndipo mumufunse ngati thirakitala imene akuidalira yalizidwapo chiyambire kukolola.