Mwana Wasankhidwa Kupita ku Fomu 1

Mayeso a Sitandade 8 atuluka. Mwana wanu wasankhidwa kupita ku sekondale. Mwasangalala, eti? Tsono ntchito yatsala kwa inu makolo.

Sukulu zimatsegulidwa mu Sepitembala. Pitani nokha kwa aphunzitsi aakulu mukafunse zofunika. Musadalire mphekesera. Kaŵirikaŵiri pamafunika yunifolomu, nsapato, makope ndi zolembera. Wopita kusukulu yogonera komweko afunanso bulangete, chidebe ndi neti ya udzudzu.

Ife a kunyanja tidziŵa kuti ndalama ya nsomba sigona m'thumba. Usipa ukaphedwa wambiri ku Senga Bay kapena ku Chikombe, timayesa ndalama sidzatha. Koma taonani. Pa chilumba cha Mbenje usodzi umatsekedwa mu Disembala, mwa lamulo la Mfumu Makanjira, ndipo amatsegula mu Epulo. Teremu yachiŵiri imayamba mu Januwale. Pamenepo nkhokwe ili mbee, feteleza nayenso akufuna ndalama. Ana ena amalekera sukulu pomwepa.

Choncho pogula za teremu yoyamba, patulaninso ndalama ya Januwale. Kaisungeni ku banki mkhonde. Bambo ndi mayi, nonse aŵiri mudziŵe kuchuluka kwake.

Chinanso ndi ichi. Mnyamata amene wachezera pa bwato ndi nyali usiku wonse, m'kalasi amangosinza. Pezani wina woloŵa m'malo mwake sukulu isanatsegulidwe.

Mafunso
1. Kodi pa Mbenje amatseka mwezi uti?
2. Lembani zinthu zitatu zimene mwana wanu akusoŵa, ndi mitengo yake.