Kukonzanso Nyali Yopopa: Zopanga Tokha ndi Zoyenera Kugula

Mawu oyamba

Magetsi asanafike m'madera ambiri, nyali yopopa, imene anthu amangoitchula ndi dzina la kampani yake kuti Tilley, inkaunikira m'magolosale, m'matchalitchi ndiponso pamaliro. Asodzi a usipa pa nyanja ya Malawi ankaiyatsa pabwato usiku pofuna kukopa nsomba, pa usodzi wotchedwa kauni. Lero nyali za batire ndi za sola zatenga malo ake, ndipo zipangizo zake sizipezekanso wamba m'masitolo. Cholinga cha nkhani ino ndi kuonetsa kuti nyali yakale ikhoza kuyakanso, koma wokonzayo ayenera kudziwa malire pakati pa zimene angapange yekha ndi zimene ayenera kugula.

Chiyambi ndi kagwiridwe ntchito kake

Nyali zodziwika kwambiri za mtunduwu ndi Petromax, imene Max Graetz anaipanga ku Berlin mu 1910, ndi Tilley, imene inkapangidwa ku Hendon mumzinda wa London kampani yake isanasamukire ku Belfast m'zaka za m'ma 1960. Zonse ziwiri zimadalira kathumba kotchedwa mantle, kamene Carl Auer von Welsbach wa ku Austria anatulukira mu 1885.

Munthu akapopa, mpweya umapanikizika m'thanki n'kukankha palafini kuti akwere m'kapaipi kotchedwa vaporiser. Kapaipika kamayamba katenthedwa ndi moto wa sipiriti, choncho palafini akafikamo amasanduka nthunzi. Nthunziyo imatulukira pa kabowo kakang'ono kwambiri, imasakanikirana ndi mpweya wakunja, kenaka imayaka m'kathumba kaja. Kathumbako kakatentha kwambiri ndi kamene kamatulutsa kuwala koyera. Motero nyali ikakana kuyaka, zifukwa zake kawirikawiri ndi zitatu: mpweya ukuthawa, kapaipi sikanatenthe mokwanira, kapena njira ya mafuta yatsekeka.

Kuyesa thanki

Ntchito imayambira pa thanki. Khuthulani mafuta akale, tsukani m'kati ndi palafini woyera, tsekani paliponse, popani pang'ono, ndipo miizani thankiyo m'ndowa ya madzi. Pamene pakutuluka tithovu ndi pamene pakuthawira mpweya. Ngati tithovu tikutuluka pa chitsekero kapena polumikizira, vuto ndi la labala lotseka mpweya, ndipo ndi losavuta. Koma ngati tikutuluka pa mng'alu wa thanki yeniyeniyo, nyaliyo isayatsidwenso, chifukwa chitsulo chakale chikayamba kung'aluka chikhoza kupereka mng'alu wina nyali ili chiyakire.

Zopanga tokha

Choyamba ndi chikopa cha pampu. Chikopachi chimauma ndi kukhwinyata, ndiye pampu imangotsika osagwira mpweya. Nthawi zina kungochiviika m'mafuta a makina kumachitsitsimutsa. Ngati chang'ambika, dulani kachidutswa kozungulira pa lamba kapena nsapato yakale ya chikopa chenicheni chopyapyala, boolani pakati, ndipo muviike m'madzi ofunda kufikira kafewe. Kenaka kakanikizeni ndi kamtengo kobulungira m'kapaipi kofanana kukula ndi pampuyo, kaume momwemo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kakauma kamakhala ngati kambale. Sadzani m'mphepete ndi mpeni wakuthwa, pakani mafuta, n'kubwezera.

Chachiwiri ndi timalabala totseka mpweya. Timeneti tingadulidwe pakhomo, koma si labala lililonse limene lingagwire ntchito. Labala la chubu cha njinga limafufuma ndi kufewa likakhalitsa m'palafini, ndipo mafuta amayamba kudontha. Loyenera ndi la mtundu wa nitrile kapena Viton, lopangidwira kukhala m'mafuta, limene limapezeka kwa ogulitsa zipangizo za galimoto.

Zoyenera kugula

Kabowo kotulukira nthunzi kanapimidwa kufakitale. Kukatokosa ndi singano yosokera kumakakulitsa, ndipo zotsatira zake ndi lawi lachikasu lautsi lotuluka pamwamba pa nyali. Pa Petromax, kabowoka ndi kawaya kake koyeretsera zimamasulidwa ndi kusinthidwa pazokha. Pa Tilley, kapaipi konse kamasinthidwa kakadzaza mwaye. Kathumba ka mantle nakonso sikangasokedwe kuchokera ku nsalu wamba, popeza chimene chimawala ndi mankhwala amene ananyikamo ulusi wake. Timatumba takale tinkakhala ndi thorium, amene amatulutsa cheza choopsa pang'ono, choncho phulusa lake lisapumidwe ndipo wogwira asambe m'manja.

Pali malamulo enanso awiri. Petulo asathiridwe m'nyali ya palafini ngakhale pang'ono, chifukwa nthunzi yake imagwira moto msanga ndipo ikhoza kupsereza nyumba. Komanso nyaliyi iyatsidwe pamalo opita mphepo, pakuti m'chipinda chotseka imatha kutulutsa mpweya wakupha umene sununkha.

Mawu omaliza

Taona kuti chikopa cha pampu ndi timalabala tingapangidwe pakhomo ndi mpeni, madzi ndi kudekha, pamene thanki yong'aluka, kabowo ka nthunzi ndi kathumba sizifuna kuyerekeza. Nyali yokonzedwa motsata malire amenewa iyesedwe panja koyamba, ndowa ya mchenga ili pafupi, isanalowe m'nyumba momwe muli ana.