CHALICHI CAKALE CA KU WENHASTON

M'dziko la England muli machalichi ambiri a m'midzi amene anamangidwa zaka mazana asanu zapitazo, ena kale koposa apo, ndipo anthu apempherabe m'menemo kufikira lero. Masiku amenewo odziwa kuwerenga anali owerengeka, ndipo mapemphero anali m'Cilatini, cinenero cosamveka kwa alimi ndi oweta nkhosa. Cifukwa cace nyumba yomweyo inasanduka mphunzitsi wao. Cimodzi ca machalichi otere ndico ca Petro Woyera ca m'mudzi wa Wenhaston, m'cigawo ca Suffolk, kum'mawa kwa dzikolo.

Machalichi amenewa mamangidwe ace afanana. Guwa liri kum'mawa kotulukira dzuwa, nsanja ya mabelu iri kumadzulo, ndipo khomo lalikuru kawiri-kawiri liri kumwera, ndi khonde lace lofolera. Khondelo silinali lousapo mvula cabe. Pamenepo mkwati ndi mkwatibwi anali kulonjezana pamaso pa mudzi wonse, ndipo pomwepo wansembe anali kulandira khanda lodzabatizidwa lisanalowe. Munthu akangolowa apeza mwala wosema wonga mtondo waukuru, wa madzi a ubatizo. Anauika pafupi ndi khomo dala, kuti wolowa aliyense akumbuke kuti ubatizo ndiwo polowera mu Eklesia.

M'kati nyumbayo igawika pawiri. Mbali yaikuru inali ya anthu, ndipo eni mudzi ndiwo anali kukonza denga ndi zipupa zace. Mbali ya guwa inali nchito ya wolandira cakhumi. Mipando inadza mocedwa: poyamba anthu anali kuimirira kapena kugwada pansi. Pakati pa mbali ziwirizo panali cochinga ca matabwa osema, ndipo pamwamba pace mtanda waukuru wa Ambuye, Mariya mbali yina, Yohane mbali yina.

Ku Wenhaston, kumbuyo kwa mtandawo, anakhoma matabwa otseka mpata wonse kufikira kudenga, ndipo pafupi ndi caka ca 1500 mmisiri analembapo cithunzi ca Tsiku la Ciweruzo. Kristu akhala pa utawaleza. Akufa alikudzuka m'manda. Mikayeli mngelo ayesa miyoyo pa sikelo, Satana ataima pambali pace ngati wotsutsa pa bwalo la mirandu. Ku dzanja lina ziwanda zikokera otayika ndi unyolo m'kamwa mwa cinsomba, ndiko kugehena. Ku dzanja linzace Petro agwira mfungulo nalandira anthu anai: mfumu, mfumukazi, bishopu ndi kadinala. Onse ali amarisece, ndipo adziwika ndi zisoti za kumutu zokha. Mmisiriyo sanali wa luso lopambana, pakuti miyendo yina ndi yokhota, koma apa analasa. Mlimi wosauka, pokweza maso tsiku la Mulungu liri lonse, anaona kuti akuru a dziko ndi a Eklesia adzafika pa khomo lija alibe kanthu monga iye.

M'masiku a mfumu Edward VI, amene analamulira kuyambira 1547 kufikira 1553, lamulo linaturuka lakuti mafano acotsedwe m'machalichi. Okonza Eklesiawo anali nao mlandu womveka, pakuti ambiri anali kugwadira mitengo ndi miyala. Koma pocotsa anacotsanso zambiri zimene zinali kuphunzitsa osadziwa kuwerenga. Mtanda wa ku Wenhaston anautsitsa, cithunzi anacipaka njereza, ndipo pa matabwawo panalembedwa m'Cingelezi mau a pa Aroma 13, onena za kumvera maulamuliro. Mibadwo inapita, ndipo anthu anaiwala kuti pansi pa njerezayo pali kanthu.

M'caka ca 1892, pokonza chalichico, amisiri anazula matabwa oyerawo nawaunjika pabwalo ngati zinthu zotha nchito. Usiku womwewo kunagwa mvula yaikuru, nitsuka njereza yina. Kutaca anthu anaona nkhope zirikusuzumira pa matabwapo. Anawabweza m'nyumba, nawatsuka mosamala, nawalumikizanso. Lero cithunzico ciri pa cipupa ca kumpoto, popenyana ndi khomo, ndipo pakati pace paoneka malo osapaka utoto, pamene panatsamira mtanda uja ndi mafano a Mariya ndi Yohane.